Kuyeza Mankhwala Azitsamba Kudzera mu Shuga Wake

Mankhwala azitsamba amavuta kuwaikira muyezo chifukwa chakuti wowapanga si fakitale koma chomera, ndipo chomera chimasintha zimene chasunga m'mizu, m'makungwa ndi m'masamba molingana ndi dothi limene chamerapo, mvula imene chalandira, zaka zimene chakhala, ndiponso nyengo imene wokumba anafika ndi khasu lake. Piritsi la paracetamol lolembedwa kuti lili ndi mamiligalamu 500 limayenera kukhala ndi mlingo womwewo kaya lapangidwa ku India kaya ku Kenya, pamene mizu iwiri ya mtengo umodzi, wina wokumbidwa m'dzinja wina m'chilimwe, ingathe kusiyana mphamvu ngakhale maso akuiona yofanana. Vutoli limakula muzu ukasinjidwa n'kukhala ufa, pakuti ufa ulibe tsamba kapena khungwa loti katswiri wa zomera auzindikire nalo, ndipo munthu wadyera akhoza kuthiramo china chotchipa wogula osadziwa. Ntchito yoyeza ubwino wa mankhwala otere, tsono, ndi yotsimikiza kuti chimene chili m'paketi ndi chomera chomwe chalembedwa kunja kwake, kuti sanasakanizemo zina, komanso kuti zimene anthu amafuna m'chomeracho zilimo pa mlingo woyenera. Nkhani ino ikuona mbali imodzi ya ntchitoyi yomwe inanyalanyazidwa kwa zaka zambiri, ndiyo kuyeza shuga wa m'zomerazo.

Kunyalanyazako kuli ndi mbiri yake. Kuyambira mu 1820, pamene Pierre-Joseph Pelletier ndi Joseph Caventou a ku Paris anapatula kwinini m'makungwa a mtengo wa cinchona, akatswiri a mankhwala anazolowera kufunafuna m'chomera chilichonse kanthu kamodzi kakang'ono, kamphamvu, kotheka kukayeretsa mpaka kakhale ngati timiyala ta mchere, n'kukaika pa sikelo. Njira imeneyi inathandiza kwambiri, ndipo artemisinin, yemwe gulu la Tu Youyou linamupatula ku China mu 1972 m'chitsamba cha Artemisia annua, ndiye kholo la artemether wopezeka mu LA amene odwala malungo amalandira m'zipatala za m'Malawi. Koma chizolowezicho chinachititsa kuti china chilichonse chotsala m'chomera chiziwerengedwa ngati zinyalala. Pofuna kuyeretsa madzi owiritsidwa ndi zitsamba, malabotale ndi mafakitale ambiri ankathiramo ethanol wochuluka, n'kusefa zoyera zonanda zimene zimatsikira pansi, n'kuzitaya. Zotayidwazo zinali shuga wa mtundu umene nkhani ino ikunena, ndipo chodabwitsa n'chakuti wodwala, kaya wa ku China kaya wa kwa sing'anga wa kumudzi kuno, amamwa madzi a mumphika momwe shuga ameneyu wasungunukamo wambiri, pamene zina mwa tinthu tating'ono tomwe labotale inkatiyeza mosamala sitisungunuka bwino m'madzi n'komwe. Labotale inkayeza china, wodwala akumwa china.

Mawu akuti shuga pano sakutanthauza wa nzimbe yekha, uja wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa, koma banja lonse la zinthu zimene asayansi amazitcha ma carbohydrate. Poyambira pake ndi timashuga tating'ono tosagawikanso kukhala shuga wina, totchedwa monosaccharide, monga glucose, fructose, galactose, mannose, xylose, arabinose ndi rhamnose, ndipo kamodzikamodzi kangayerekezedwe ndi mkanda wamtundu wakewake. Shuga wothira mu tiyi, yemwe dzina lake ndi sucrose, ndi mikanda iwiri yokha yolumikizana, glucose ndi fructose. Mikanda ikatungidwa kuyambira itatu kufika pafupifupi khumi, chingwecho chimatchedwa oligosaccharide, ndipo ikafika mazana kapena zikwi chimatchedwa polysaccharide. Zingwe zazitalizi sizitsekemera konse, koma zambiri zimadziwika ndi kunanda kapena kuterera, monga mmene therere limachitira mumphika.

Chimene chimasiyanitsa chingwe china ndi chinzake si mtundu wa mikanda wokha ayi, komanso mfundo zimene zamanga mkanda kwa unzake, ndipo nkhani yonseyi yagona pamenepa. Sitachi wa mu ufa wa chimanga ndi ulusi wa thonje, womwe ndi cellulose pafupifupi yekhayekha, zonse ziwiri ndi glucose wolumikizana ndi glucose mnzake, moti woziphwanya ndi asidi mpaka kumapeto amapeza mkanda umodzimodzi. Komabe nsima imakhutitsa munthu pamene thonje silingagayike m'mimba mwake. Mu sitachi, kaboni woyamba wa glucose amagwirana ndi kaboni wachinayi wa mnzake m'kamangidwe kotchedwa alpha, kamene malovu ndi madzi a m'matumbo amatha kukamasula, pamene mu cellulose malo ogwiranawo ndi omwewo koma kamangidwe ndi ka beta, kamene thupi la munthu lilibe chomasulira. Bowa ali ndi kamangidwe kenanso, ka beta koma pa kaboni wachitatu, kokhala ndi nthambi zophuka pa kaboni wachisanu ndi chimodzi, ndipo chingwe chotere n'chimodzi mwa zimene zimatchedwa beta-glucan. Mu 2001 Gordon Brown ndi Siamon Gordon, akugwira ntchito ku Oxford, anasonyeza kuti maselo ena a chitetezo cha m'thupi ali ndi cholandirira chotchedwa dectin-1 chimene chimazindikira beta-glucan, ndipo dziko la Japan linali litavomereza kale mu 1985 kuti lentinan, beta-glucan wochokera mu bowa wa shiitake, aziperekedwa ngati jakisoni wothandizira mankhwala a khansa ya m'mimba. Sitachi alibe mphamvu zoterezi ngakhale mikanda yake ndi yomweyo, kotero kungonena kuti mankhwala ali ndi shuga wautali wochuluka sikunena kanthu za ubwino wake.

Kuyeza zingwe zimenezi n'kovuta kuposa kuyeza kwinini. Makina ambiri a m'malabotale a mankhwala amaona chinthu chifukwa chakuti chimayamwa kuwala kwa ultraviolet, komwe ndi kuwala kosaoneka ndi maso, koma shuga wambiri sayamwa kuwalako mokwanira, choncho amadutsa m'makinawo ngati madzi wamba. Chinanso n'chakuti chomera sichipanga zingwe zake zonse pa utali umodzi: pamene mamolekyulu a kwinini, ndiye kuti tizigawo take tochepetsetsa, amalemera mofanana onse, polysaccharide wa m'muzu umodzi ndi khamu la zingwe zazitali ndi zazifupi, zanthambi zambiri ndi zanthambi zochepa, moti kulemera kwake kumatchulidwa mongopeza pakati. Pachifukwa chomwechi n'kovuta kupeza chitsanzo choyeretsedwa chimene labotale ya ku Beijing ndi ya ku London zingagwirizane kuti ndicho choyerekezera.

Dziko limene lalimbana kwambiri ndi vutoli ndi China, kumene mankhwala azitsamba amalembedwa ndi madokotala m'zipatala ndipo ambiri mwa otchuka ndi odzala ndi zingwe za shuga. Buku la miyezo ya mankhwala la dzikolo, Chinese Pharmacopoeia, lomwe linatuluka koyamba mu 1953 ndipo masiku ano limakonzedwanso zaka zisanu zilizonse, limaika mlingo wotsikitsitsa wa polysaccharide pa zomera zingapo. M'buku la 2020, tizipatso tofiira ta Lycium barbarum, todziwika pa malonda kuti goji ndipo tolimidwa kwambiri m'chigawo cha Ningxia, tiyenera kukhala ndi polysaccharide wosachepera 1.8 peresenti, bowa wolimba ngati thabwa wotchedwa lingzhi, wa mtundu wa Ganoderma, asachepere 0.90 peresenti; tsinde lapansi la Polygonatum, lomwe ku China amati huangjing, lisachepere 7.0 peresenti, ndipo tsinde la Dendrobium officinale, duwa la banja la orchid lomwe ndi lokwera mtengo kwambiri, lisachepere 25.0 peresenti. Manambala onsewa amawerengedwa ngati kuti shuga yense wopezekayo ndi glucose, ndipo m'kawerengedwe kameneka ndi mmene mwabisala kufooka kwa muyezowu.

Njira imene imatulutsa manambala otere ndi yakale ndithu. Inafalitsidwa mu 1956 ndi Michel DuBois, Fred Smith ndi anzawo atatu a ku University of Minnesota, ndipo imadziwika ndi mayina a mankhwala awiri amene imagwiritsa ntchito, phenol ndi sulfuric acid. Woyeza amayamba ndi kutsuka ufa wa chomeracho ndi ethanol kuti achotse timashuga tating'ono tosamangika, kenako amauwiritsa m'madzi, n'kuthira ethanol m'madziwo mpaka zingwe zazitali zitsikire pansi, n'kuzisungunulanso m'madzi oyera. Akathiramo phenol ndi asidi wamphamvu uja, kutentha kumene kumabuka kumadula zingwe zonse n'kusandutsa mikandayo kukhala zinthu za banja la furfural, zomwe zikakumana ndi phenol zimatulutsa mtundu wachikasu wopita kofiirira. Makina oyeza kuwala otchedwa spectrophotometer amawerenga kukhathamira kwa mtunduwo pa kuwala kwa ma nanomita pafupifupi 490, ndipo nambalayo imayerekezedwa ndi ya glucose wodziwika kulemera. Pali njira ina yofanana nayo yogwiritsa ntchito anthrone, yotulutsa mtundu wobiriwira wopita ku buluu, ndipo ndiyo imene bukulo limalamula pa lingzhi. Ubwino wa njira ziwirizi ndi wakuti n'zotchipa, n'zachangu, ndipo labotale ya koleji iliyonse yophunzitsa sayansi ingathe kuzichita.

Kuipa kwake n'kwakuti asidi sasankha. Amadula sitachi, beta-glucan ndi chingwe china chilichonse mofanana, ndipo mtundu wotulukawo sunena kumene mikanda yachokera. Ngakhale pamene palibe chinyengo nambalayo imaphonya pang'ono, pakuti mannose, galactose, xylose ndi mashuga okhala ndi asidi monga galacturonic acid satulutsa mtundu wofanana mphamvu ndi wa glucose amene akuyerekezedwa naye. Koma vuto lalikulu ndi la wamalonda wochenjera, yemwe akathira dextrin kapena maltodextrin, ufa woyera wotchipa wopangidwa podula sitachi wa chimanga kapena wa chinangwa, amakweza nambala ya polysaccharide kufika pamene akufuna, ndipo katundu wosakanizidwayo amaoneka wabwino pa pepala kuposa weniweni. Pa bowa pali njira ina yosafuna n'komwe kuthira kanthu, yomwe ndi kumeretsa mitsitsi ya bowa pa mpunga kapena mbewu zina n'kugaya zonse pamodzi, mitsitsi ndi mbewu zomwe, ufa wake n'kuugulitsa m'dzina la bowa. Mu 2017 ofufuza a ku University of Macau, mogwirizana ndi bungwe la United States Pharmacopeia, anafalitsa m'magazini ya Scientific Reports zimene anapeza atayeza mankhwala 19 a Ganoderma lucidum ogulidwa ku America: asanu okha ndiwo anagwirizana ndi zolembedwa pa mapaketi awo, ndipo ambiri mwa otsalawo anali ndi zingwe zofanana ndi sitachi m'malo mwa beta-glucan wa bowayo.

Sitepe yotsatira, tsono, ndi kuwerenga mikanda mtundu ndi mtundu, ndipo chitsanzo chomveka bwino ndi Dendrobium officinale uja, yemwe amalimidwa kwambiri m'zigawo za Zhejiang ndi Yunnan, tsinde lake n'kulipota ngati sipuling'i poliumitsa. Ogula a ku China akhala akuyesa tsindeli politafuna kuyambira kale, ndipo akaona kuti likunanda m'mano n'kusiya zikhutu zochepa amati ndi labwino. Chonandacho ndi glucomannan, chingwe cha mannose wambiri ndi glucose wochepa, ndipo ndi wa banja limodzi ndi chimene chimalimbitsa chikande, kapena kuti chinaka, pamene timizu ta ma orchid omera pansi taphikidwa ndi nsinjiro ndi chidulo kumpoto kwa Malawi, ku Zambia ndi kumwera kwa Tanzania. Lilime la wogula linkayeza chinthu chenicheni, ndipo labotale inangobwera kudzaikapo nambala. Kuyambira m'buku la miyezo la ku China la 2010, lomwe linapatsa chomerachi tsamba lakelake, woyeza amaphwanya zingwezo ndi asidi wosawawa kwambiri kuti mikanda imasuke osapsa, kenako amamangirira mkanda uliwonse ku mankhwala otchedwa PMP, omwe amayamwa kuwala kwa ultraviolet, motsatira njira imene Susumu Honda ndi anzake a ku Japan anafalitsa mu 1989. Zosakanizikazo zimalowetsedwa m'makina a HPLC, amene amakankha madzi mwamphamvu kudutsa m'kapaipi kodzaza ndi timchenga tosalala kwambiri, moti shuga aliyense amatulukira kumapeto pa nthawi yakeyake n'kujambulidwa pa kompyuta ngati kaphiri, ndipo kukula kwa kaphiriko ndiko kuchuluka kwake. Bukulo limafuna kuti mannose akhale pakati pa 13.0 ndi 38.0 peresenti, komanso kuti kaphiri ka mannose kapose ka glucose pakati pa maulendo 2.4 ndi 8.0. Wothira dextrin amagwidwa pamenepa, pakuti zimene wathira ndi glucose yekhayekha, kaphiri ka glucose kamakula, ndipo nambala ija imatsika. Ngakhale glucomannan wotchipa wa chomera cha konjac sakwana bwino m'malirewo, chifukwa mwa iye mannose amaposa glucose ndi maulendo pafupifupi 1.6 okha.

Njira imeneyinso ili ndi polekezera. Asidi amawononga fructose asanawerengedwe, pamene mfundo za mashuga okhala ndi asidi zimakana kumasuka zonse, choncho zotsatira zimadalira kwambiri kutentha ndi nthawi imene woyeza anasankha. Mitundu ina ya Dendrobium yotsika mtengo ili ndi glucomannan wofanana ndi wa officinale, moti manambala a mikanda paokha sangailekanitse nthawi zonse. Komanso chingwe cha mikanda chikaduka n'kumwazikira pansi, munthu angathe kuwerenga yofiira ndi yoyera koma sangadziwe mmene inatungidwira, ndipo pa lingzhi, pomwe weniweni ndi wachinyengo onse amatulutsa glucose, kuwerenga mikanda sikuthandiza kwenikweni.

N'chifukwa chake pali njira zoona chingwe chisanaphwanyidwe. Ina imayeza utali, podutsitsa zingwe m'kapaipi kodzaza ndi timibulu tokhala ndi tizibowo, momwe zazifupi zimalowa m'tizibowomo n'kuchedwa pamene zazitali zimalambalala n'kutuluka msanga. Ndipo utali ndi wofunika chifukwa kuwiritsa mopyola muyezo kapena kusunga malo a chinyezi kumadula zingwe popanda kuchepetsa nambala ya shuga yense. Ina imafufuza mfundo zenizenizo, ndipo nzeru yake ndi yofanana ndi ya munthu wopaka utoto unyolo asanaumasule, yemwe akaumasula amadziwa kuti malo amene utoto sunafike ndi amene anagwirana. Woyeza amatseka malo onse opanda chogwira pa mkanda uliwonse ndi kagulu ka kaboni kotchedwa methyl, n'kuphwanya chingwecho, n'kuona malo otsala osatsekedwa. Njira zimene zimatsatidwa kwambiri pochita izi ndi ya Sen-itiroh Hakomori ya mu 1964 ndi ya Ciucanu ndi Kerek ya mu 1984. Ndi ntchito yotenga masiku, yoyenera kafukufuku osati kuyeza thumba lililonse lolowa m'nyumba yosungira katundu. Yothandiza kwambiri pa ntchito ya tsiku ndi tsiku ndi ya ma enzyme, omwe ndi mapuloteni odula mfundo ya mtundu umodzi wokha n'kusiya zina zonse. Amylase amadula sitachi ndi dextrin osakhudza beta-glucan, pamene glucanase wa mfundo za beta pa kaboni wachitatu amachita mosemphana ndi zimenezo, ndipo tizidutswa totulukato tikayalidwa pa mbale yopyapyala yolekanitsira timapanga mizere yomwe ndi ngati chidindo cha chala cha chomeracho. Gulu la Li Shaoping ku University of Macau ndilo linakulitsa njirayi pa mankhwala a ku China pansi pa dzina lakuti saccharide mapping, ndipo ndi imodzi mwa njira zimene zinaulula mankhwala a Ganoderma aja. Pa alovera, chimene chimafunidwa ndi acemannan, chingwe cha mannose chokhala ndi timagulu ta acetyl, ndipo makina a NMR, omwe amawerenga maatomu pogwiritsa ntchito maginito amphamvu, amasonyeza pa kuyeza kumodzi ngati acemannan alimo, ngati wathiridwa maltodextrin, ndiponso ngati madziwo anasasa asanakonzedwe, pakuti kusasa kumasiya lactic acid. Makina amenewa ndi okwera mtengo kwambiri, ndipo si labotale iliyonse ingawakwanitse.

Shuga amafotokozanso mbiri ya kakonzedwe ka mankhwala, ndipo apa zingwe zazifupi ndizo zimalankhula. Muzu wa Rehmannia glutinosa umagulitsidwa ku China makamaka m'mitundu iwiri imene madokotala a kumeneko amaigwiritsa ntchito pa matenda osiyana, wongoumitsa ndi wofutsidwa ndi nthunzi mpaka kuda bii. Wongoumitsa uli ndi stachyose wambiri, chingwe cha mikanda inayi, yomwe ndi galactose awiri, glucose mmodzi ndi fructose mmodzi, ndipo nthunzi imadula fructose uja n'kusiya chingwe cha mikanda itatu chotchedwa manninotriose, kotero poyerekeza kuchuluka kwa ziwirizi woyeza amadziwa ngati muzu unafutsidwa mokwanira kapena unangodetsedwa kunja. Buku la miyezo lija limazindikira kusintha kotere pa huangjing, pomwe wofutsidwa ndi vinyo amaloledwa kutsika kufika pa 4.0 peresenti m'malo mwa 7.0, ndipo pa muzu wa Morinda officinalis limaika muyezo pa shuga mmodzi wodziwika dzina, nystose, kuti asachepere 2.0 peresenti. Muyezo wa mtundu womalizawu ndi wolimba kuposa wa shuga yense, chifukwa nystose ali ndi kulemera kumodzi kodziwika ndipo dextrin sangayime m'malo mwake.

Pali zinthu ziwiri zimene kuyeza shuga sikungachite, ndipo otsatsa malonda amakonda kuzisokoneza. Choyamba, sikutsimikiza kuti mankhwala ndi osavulaza. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ku Brussels, m'dziko la Belgium, anthu oposa 100, ambiri mwa iwo amayi, anawonongeka impso atamwa mankhwala ochepetsa thupi momwe muzu wa Stephania tetrandra unalowedwa m'malo ndi wa Aristolochia fangchi, zomera ziwiri zimene mayina awo a ku China amafanana, ndipo ena mwa odwalawo anadzapezekanso ndi khansa ya njira ya mkodzo. Poizoni wake, aristolochic acid, ndi kanthu kakang'ono kosakhudzana ndi shuga, monga mmene zilili ndi aflatoxin wochokera ku chuku, mtovu wa m'dothi, ndi zotsalira za mankhwala ophera tizilombo, ndipo zonsezi zimafuna kuyeza kwakekwake. Chachiwiri, sikutsimikiza kuti mankhwala amachiritsa. Zotsatira zambiri zonena kuti polysaccharide wakutiwakuti amadzutsa chitetezo cha m'thupi zinachokera ku maselo okhala m'mbale za labotale, ndipo pamenepa pali msampha wodziwika: khungu la mabakiteriya ena lili ndi chinthu chotchedwa lipopolysaccharide, chimene chimatsikira pansi limodzi ndi zingwe za chomera ndipo chimadzutsa maselo omwewo ngakhale chikhale chochepa kwambiri, moti kafukufuku wosayeza chinthuchi angatamande chomera pa ntchito ya litsiro. Ndiponso zingwe zazitali zambiri zikamwedwa sizilowa m'magazi zili zathunthu, koma zimafika m'matumbo aakulu momwe mabakiteriya a m'menemo amazidya, choncho umboni wa jakisoni wa lentinan sungasamutsidwe kupita ku khofi wosakaniza ndi ufa wa bowa. Muyezo wa shuga umanena kuti katunduyo ndi weniweni ndipo sakusinthasintha. Funso la kuchiritsa limayankhidwa ndi kafukufuku wa pa odwala, ngakhale kuti kafukufukuyo sangayambe n'komwe ngati thumba lililonse lili ndi zakezake.

Nkhaniyi imakhudza Malawi m'njira ziwiri. M'matauni mukugulitsidwa makapusozi, tiyi ndi khofi wa Ganoderma, timadzi ta alovera ndi zina zochokera kunja. Komanso dzikoli lili ndi zomera zake zogulitsidwa ngati ufa, monga cham'mwamba, gondolosi ndi malambe, ndipo ufa wa malambe, womwe mayiko a European Union anauvomereza ngati chakudya mu 2008, ndi woyererako ngati ufa wa chinangwa pamene ubwino wake wina uli mu pectin, chingwe chimene mkanda wake waukulu ndi galacturonic acid osati glucose. Bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2019 m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board, pamodzi ndi Malawi Bureau of Standards, sayenera kudikira makina a NMR kuti ayambepo. Dontho la ayodini, lomwe ophunzira a kusekondale amalidziwa kuti limadetsa sitachi kukhala wabuluu wakuda, limagwira chinyengo chosabisika, ngakhale kuti maltodextrin wa zingwe zazifupi amangofiirira kapena osasintha n'komwe, ndipo mizu ina monga ya jinja ili ndi sitachi wake wachilengedwe. Maikulosikopu amathandiza pomwe ayodini walephera kulekanitsa, pakuti timibulu ta sitachi wa chimanga ndi tangodyangodya pamene ta chinangwa n'tobulungira, tambiri todulidwa mbali imodzi. Buku la World Health Organization la njira zoyezera zomera zamankhwala, la mu 1998 lomwe linakonzedwanso mu 2011, lili ndi muyezo wa kufufuma, womwe ndi kuona malo amene galamu imodzi ya ufa imatenga ikanyikidwa m'madzi, ndipo umangofuna botolo lolembedwa mizere ndi wotchi.

Chimene chikusowa kwambiri si makina koma choyerekezera. Malire monga aja a 2.4 mpaka 8.0 amapezeka poyeza zitsanzo zambiri zodziwika bwino kumene zachokera, ndipo malire a malambe kapena gondolosi sangakopedwe m'buku la ku China. Ayenera kuchokera ku zitsanzo zotoledwa m'maboma osiyanasiyana ndi m'nyengo zosiyanasiyana, zotsimikizidwa mayina ndi akatswiri a ku National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba, mothandizana ndi asing'anga odziwa kumene chomera chimamera ndi nthawi yochikumba, pakuti dzina limodzi la Chichewa limatha kuimira zomera zingapo monga zinachitikira ndi mayina a ku China aja. Pa katundu wochokera kunja, woyang'anira ali ndi ufulu wofunsa wogulitsa njira imene nambala ya pa paketi inapezekera, ndipo ngati yankho ndi phenol ndi sulfuric acid basi, nambalayo isalandiridwe ngati umboni wa ubwino. Paketi ya bowa yolembedwa kuti muli polysaccharide 30 peresenti, osatchula kuti beta-glucan ndi wochuluka bwanji ndipo sitachi ndi wochuluka bwanji, siinalonjeze chilichonse chimene thumba la ufa wa chimanga silingakwanitse, pakuti ufawo uli ndi sitachi pafupifupi 70 peresenti.